Tiyese Wotuma Tisanadzudzule Wotumidwa

Pali cizolowezi cina cimene anthu tonse tinabadwa naco, ndico ca kukankhira mlandu kwa iye amene sangathe kudziyankhira. Khoma likagwa, womanga anena kuti dothi linali loipa. Mwana akabwera ndi mcere m'malo mwa sopo, make amkalipira kuti samva, ngakhale iye mwini anamtuma ali kuyang'ana kumbali, osachula bwino cimene afuna. Masiku ano cizolowezi cimeneci capeza munda watsopano. Kwadza makina amene awacha AI, amene anthu awatuma monga atuma mnyamata wa nchito. Ndipo makinawo akalakwa, dziko lonse liwaseka kapena liwaopa, koma ndi ocepa amene afunsa kuti anatumidwa ndi mau otani. Mwezi uno ndifuna kutsutsa ulesi umenewu, ndi kunena za mau amene amisiri alembera makinawo pofotokoza zipangizo zao, ndi umo mauwo ayenera kuyesedwera.

Tiyambe ndi kufotokoza cinthuco, kuti tiyende pamodzi. Pa 30 Novembala 2022 kampani ya ku America yochedwa OpenAI inaturutsa ChatGPT, makina a pa kompyuta amene munthu awalembera funso, iwo nayankha m'mau monga munthu mnzace. Poyamba makinawa anali ndi pakamwa pokha: akanatha kukuuzani za ulendo, koma sakanatha kukugulirani tikiti. M'mwezi wa Juni 2023 kampani yomweyo inatsegula njira yakuti amisiri a makompyuta apatse makinawo zipangizo, cina cofunsira nyengo, cina cotumizira kalata, cina cowerengera m'buku la ndalama, cina colembera kapena kufafanizira m'bukumo. M'Novembala 2024 kampani yina, Anthropic, inaturutsa pangano la kalumikizidwe lochedwa Model Context Protocol, lakuti cipangizo copangidwa ndi munthu mmodzi cithe kugwira nchito ndi makina a eni osiyanasiyana. Ndipo m'caka ca 2025 OpenAI, Google ndi Microsoft analilandira. Kuyambira pamenepo zipangizo zotere zacuruka monga bowa m'dzinja, ndipo ali yense wodziwa nchitoyi atha kupanga cace nacipereka kwa anthu. Makina opatsidwa zipangizo cotero, amene asankha okha cocita kufikira nchito itatha, ndidzawacha mtumiki m'nkhani yino.

Tsono mverani cinthu cimene ambiri sacidziwa. Mtumikiyu saona m'kati mwa cipangizo, sacinyamula kuti amve kulemera kwace, ndipo palibe anamuonetsapo kagwiridwe kace monga tate aonetsa mwana kagwiridwe ka nkhwangwa. Cimene apatsidwa ndi zinthu zitatu: dzina la cipangizo, mau ofotokoza nchito yace, ndi mndandanda wa mipata imene ayenera kudzaza, yonga mipata ya pa pepala la ku positi ofesi. Ali ngati mlendo wolowa m'sitolo momwe zitini zonse ziri zotseka ndi zofanana. Mafuta a nyali ndi mafuta ophikira awasiyanitsa ndi kapepala komatidwa pa citini, palibenso cina. Munthu akamtuma, iye awerenga timapepalato, nasankha cipangizo, nadzaza mipata. Cipangizo cicita nchito yace, nicibweza yankho. Iye awerenga yankholo, naganiza cocita cotsatira. Cifukwa cace kwa mtumiki mau aja ndiwo cipangizo comwe. Mau akanama, iye agwira cinthu cimene kulibe. Mau akaperewera, iye adzaza dzenjelo ndi maloto ace.

Nanga mau olemera cotero alembedwa bwanji? Mmisiri atha masabata ali kusula cipangizo cace, naciyesa uku ndi uku. Ndipo pamene watopa, dzuwa litapendeka, alemba mzere umodzi pamwamba pace, nanyamuka. Pena mzerewo ungobwereza dzina: cipangizo cochedwa "pezani munthu" cifotokozedwa kuti "cipeza munthu." Kodi cimpeza ndi dzina, kapena ndi nambala ya foni? Akakhala anthu khumi a dzina limodzi, cibweza onse kapena woyamba yekha? Munthuyo akasowa, cinena kuti palibe, kapena cikhala cete? Palibe liu ndi limodzi lomwe. Ndipo mtumiki akalakwa, mmisiri yemweyo apukusa mutu nati, makina awa sanakhwime. Ine ndinena kuti mlandu wotere waweruzidwa mokhota. Mau ofotokoza cipangizo ayenera kupyola m'mayeso okhwima onga amene cipangizo comwe cipyolamo, ndipo amene sanawayese alibe pakamwa podzudzulira mtumiki.

Titenge citsanzo capafupi. Pakhale cipangizo cofotokozedwa ndi mau awa okha, "cinena za nyengo," ndi mpata umodzi wolembedwa "mudzi." Mlimi afunsa za nyengo ya mawa ku Blantyre. Mtumiki alemba Blantyre mumpatamo monga anauzidwa. Koma kuli Blantyre wina ku Scotland, kumene David Livingstone anabadwira m'caka ca 1813, kumene Blantyre wathu anatengako dzina. Kulinso Limbe wina m'mbali mwa nyanja yamcere ku Cameroon. Cipangizo cibweza nambala 30. Makumi atatu a ciani? Pa muyeso wa Celsius, umene tiyesera ife, 30 ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Pa muyeso wa Fahrenheit, umene ayesera a ku America, madzi aundana pa 32, ndipo 30 ndi cisanu coposa pamenepo. Mtumiki adzasankha cimodzi, nadzayankha mlimiyo ndi mau osalala, opanda cibwibwi, ngati wodziwa. Kodi walakwa ndani? Mizere iwiri yokha ikadacotsa ngoziyo: wina wakuti dzina la mudzi lilembedwe pamodzi ndi dziko lace, wina wakuti manambala obwezedwa ali a Celsius.

Misampha yotere iri ponseponse. Tsiku lolembedwa 03/04 kwa ife ndi ku Britain ndilo tsiku lacitatu la Epulo. Ku America ndilo tsiku lacinai la Marici. Hekitala imodzi iri ndi maekala awiri ndi theka kupereweza pang'ono, kotero kuti cipangizo cowerengera feteleza kapena mankhwala a m'munda, cikapanda kunena ngati mpata wace ufuna maekala kapena mahekitala, cingathe kuuza munthu kuti athire mowirikiza kawiri ndi theka, kapena acepetse momwemo. Cipangizo ca ndalama cosanena ngati nambala iri ya makwaca kapena ya madola sindifuna ndi kucichula komwe. Tonse tidziwa mikangano ya pa msika pa nkhani ya ndowa: wogula aganiza ndowa yaikuru yodzala ndi nsonga, wogulitsa aganiza yaing'ono yosalaza pakamwa. Koma pa msika anthu akangana, napangana, nasiyana atamvana. Mtumiki ndi cipangizo sakangana iai. Wina apereka nambala, cina cilandira, ndipo nchito ipitirira ndi colakwa cace m'mimba.

Wina angati, izi ndi zazing'ono. Ndimkumbutse za combo ca m'mlengalenga cochedwa Mars Climate Orbiter, cimene bungwe la NASA la ku America linaponya m'Disembala 1998 kuti cikazungulire dziko la Mars. Cinayenda miyezi isanu ndi inai, ndipo pa 23 Seputembala 1999 cinatayika cingofika kumene. Ofufuza anapeza kuti cigawo cimodzi ca makompyuta a pansi pano cinali kupereka mphamvu ya kukankha kwa tiinjini ta comboco pa muyeso wa mapaundi, pamene cigawo colandira cinali kuwerenga manambalawo ngati a muyeso wa newton. Ndipo miyeso iwiriyi isiyana pafupifupi kanai ndi theka. Taonaninso ici: pepala lofotokoza mapanganowo linalipo, ndipo linachula muyeso woyenera, koma cipangizo cinacita zina, ndipo kusiyanako sikunagwidwe kufikira combo citatayika. M'nkhaniyi munalibe AI. Munali anthu ophunzira koposa. Tiphunzirapo ziwiri: kuti kusamvana pa muyeso kuononga zazikuru, ndi kuti mau olembedwa bwino sapulumutsa ngati palibe wowalinganiza ndi zimene cipangizo cicitadi.

Ngozi yopambana iri pa zipangizo zimene zicita kanthu kosabwezeka. Kuwerenga buku sikulisintha, koma kufafaniza kulisintha. Pakhale zipangizo ziwiri, cimodzi cisuntha kalata kuiika pambali pamene ingatengedwenso, cinzace ciiononga kotheratu, ndipo zonse ziwiri zifotokozedwa kuti "cicotsa kalata." Munthu auza mtumiki kuti amkonzere bokosi lace la makalata, napita kukagona. Madzi akatayika saoleka. Mau a cipangizo cotere ayenera kunena poyera kuti cimene cacitika sicibwerera, ndi kuti mtumiki ayambe wafunsa mwini. M'Marici 2025 osunga pangano lija anaonjezamo zizindikiro zonena ngati cipangizo cingowerenga kapena ciononga. Anacita bwino, koma iwo eni acenjeza kuti zizindikirozo ziri mau a mwini cipangizo, ndipo siziyenera kukhulupiriridwa ngati mwiniyo sali wokhulupirika. Cizindikiro naco cifuna kuyesedwa.

Tsono tiwayese bwanji mauwa? Pali miyeso itatu imene anthu aikonda, ndipo yonse itatu iperewera. Woyamba ndi wakuti wolemba adziwerengere yekha, naone ngati zimveka. Zidzamveka ndithu, pakuti iye adziwa cipangizo kale, ndipo maso ace adzaza mipata imene colembera cace cinasiya. Ife aphunzitsi ticidziwa bwino ici. Funso la mayeso limene mphunzitsi aliona loyera ngati dzuwa, ana makumi anai aliyankha m'njira zisanu. Ndipo ana ambiri akalakwa mofanana pa funso limodzi, mphunzitsi wanzeru ayamba wayang'ananso funsolo asanakalipe. Wolemba sangakhale mboni ya kumveka kwa mau ace.

Muyeso waciwiri ndi wa utali ndi kukongola. Ena atamva kuti mau afupi aononga, athamangira mbali yina: alemba masamba, natamanda cipangizo cao kuti ciri camphamvu, ciri camsanga, ciposa zonse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Matamando sathandiza mtumiki, ndipo angathe kumkopa kuti asankhe cipangizo cosayenera nchitoyo, monga mwana akopeka ndi citini cowala. Dziwaninso kuti mwa cizolowezi mau a zipangizo zonse aikidwa pamaso pa mtumiki nthawi iri yonse atumidwa. Malo amene iye asungamo zimene ali kuwerenga ali ndi malire, ndipo eni makina alipiritsa powerenga tizidutswa ta mau. Mtumiki wosenzetsedwa zipangizo zana, ciri conse ndi tsamba lace, afika pa nchito mutu utadzala kale. Cifukwa cace liu liri lonse lifunsidwe funso limodzi: ukacoka iwe, mtumiki adzalakwa ciani? Liu losowa yankho licoke; ndipo colakwa cimene palibe liu loticinjiriza naco cipatsidwe liu lace.

Muyeso wacitatu ndi watsopano, ndipo ambiri aukhulupirira. Alemba mndandanda wa mafunso, akuti: kodi mau anena nchito ya cipangizo? achula mipata yonse? apereka citsanzo? Napatsa makina ena kuti acongere ndi kupereka malikisi. Sindiukana konse. Licero liri ndi nchito yace. Licotsa mankhusu msanga, ndipo pa zipangizo zikwizikwi palibe munthu angawerenge zonse. Koma licero silikuuzani ngati mbeu idzamera. Mau atha kukwaniritsa mafunso onse a pa mndandanda nakhala onama, monga linanamira pepala la combo cija. Wocongayo saona cipangizo ciri pa nchito. Aona mau okha, naweruza mau ndi mau anzace. Amene aima pa malikisi otere nati cipangizo cace cakhoza, ali ngati kholo lokondwera ndi kulemba kokongola kwa mwana, osayang'ana ngati masamu ace ali oona.

Muyeso woona ndi umene makolo athu anayesera nao khasu, ndiwo kulitengera kumunda. Ndiufotokoze m'magawo ace. Coyamba, mpatseni mauwo munthu wanzeru amene sanacionepo cipangizoco, osamuuza kanthu pakamwa, nimumfunse: ungacigwire liti? ungacileke liti? mumpata uwu ulembamo ciani? cidzakubwezera ciani? cikakanika udzadziwa bwanji? Funso liri lonse limene iye abwera nalo kwa inu ndilo dzenje m'mau anu. Ndipo kumbukirani kuti mtumiki sangagogode pa khomo la mmisiri kudzafunsa. Akuru anati, safunsa anadya phula. Koma uyu sanakane kufunsa, womfunsayo ndiye ali kutsidya kwa nyanja.

Caciwiri, sonkhanitsani nchito zenizeni, makumi angapo, zimene matsiriziro ace adziwika kale, nimutume mtumiki. Zisakhale zofewa zokhazokha. Pakhale zofuna zipangizo zitatu motsatana. Pakhale zimene zipangizo ziwiri zofanana zipikisana. Pakhalenso zimene yankho loyenera ndilo kusakhudza cipangizo ciri conse, kapena kubwerera kwa wotuma kukafunsa. Pakuti mtumiki wogwira cipangizo pamene sicifunika ali woopsa monga wocisiya pamene cifunika. Ndipo nchito iri yonse ibwerezedwe kangapo, cifukwa makinawa sayenda njira imodzi masiku onse, ndipo kukhoza kamodzi kungakhale mwai cabe. Pamenepo muwerenge: kangati anasankha cipangizo coyenera, kangati anadzaza bwino mipata, kangati anafika kumene anatumidwa, ndi maulendo angati anawataya m'njira.

Cacitatu, musakhute ndi ciwerengero, tsatani mapazi. Makinawa asiya mbiri ya zonse zimene anacita, ndipo wofuna kudziwa aitsate monga mlenje atsata nyama. Pamene mtumiki anapatuka, yang'anani liu limene linampatutsa, kapena liu limene likadamletsa likadakhalapo. Cacinai, sinthani cinthu cimodzi, nimuyesenso, ndipo muyese ndi nchito zina zimene munazibisa pambali. Pakuti mphunzitsi amene aphunzitsa ana mafunso omwewo adzawafunse pa mayeso adzinyenga yekha. Cacisanu, linganizani mau ndi macitidwe a cipangizo, lero ndi tsiku liri lonse cipangizoco cisinthidwa, pakuti mau oona a caka catha asanduka bodza mmisiri akasintha za m'kati naiwala za pamwamba. Ndipo musaiwale mau amene cipangizo cibweza cikakana. Nambala youma yonena kuti pali colakwa siphunzitsa kanthu. Koma cipangizo cikati tsiku lilembedwe caka poyamba, pambuyo pace mwezi, pambuyo pace tsiku, mtumiki adzikonza yekha napitirira.

Izi si maloto a mphunzitsi. M'Disembala 2024 a ku Anthropic analemba za mtumiki amene anampanga kuti akonze zolakwa m'mapulogalamu a kompyuta, nanena kuti anathera nthawi yambiri pa kukonza zipangizo kuposa pa kukonza malangizo akuru a mtumikiyo. Anaona kuti iye anali kusokera pa cinthu cimodzi. Cipangizo cinalola kuchula malo a colembedwa kuyambira pamene mtumiki waima, monga munthu anena kuti nyumba yacitatu kucokera pano. Ndipo mtumiki akasuntha, "pano" wace anasuntha naye. Anasintha cipangizo kuti cifune keyala yathunthu nthawi zonse, ndipo kusokerako kunatha. Makina anali omwewo, nzeru zao zinali zomwezo. Cinasintha ndi katumidwe. Ndipo ici anacipeza potsata mapazi. Ku University of California ku Berkeley gulu lina linayamba m'caka ca 2024 kundandalika makina a makampani osiyanasiyana monga mwa luso lao la kusankha zipangizo ndi kudzaza mipata. Nchito imeneyo iri yabwino, koma iyesa wotumidwa. Ine ndifunsa bwalo limene lidzayesa wotuma ndi khama lomwelo.

Tsono ndifike pa coipa coposa ulesi, ndico cinyengo. M'Epulo 2025 ofufuza a kampani ya Invariant Labs anaonetsa poyera kuti munthu woipa atha kubisa malamulo m'mau ofotokoza cipangizo. Anapanga kacipangizo kophatikiza manambala awiri, ndipo m'mau ace analembamo kuti mtumiki ayambe wawerenga zolembedwa zacinsinsi za mwini kompyuta, azipereke mumpata wina, ndipo asamuuze mwiniyo. Mwini anaona pang'ono pokha. Mtumiki anawerenga zonse, namvera. Anacenjezanso kuti mwini cipangizo atha kusintha mauwo munthu atacibvomera kale. Apa tiona kuti mau ofotokoza ndiwo khomo lolowera m'mutu mwa mtumiki, ndipo khomo losalondedwa lilowetsa mbala. Cifukwa cace pa miyeso yonse paonjezeke uwu: mau afotokoze cipangizo cao cokha, akayamba kulamula za zipangizo zina, kapena kunena kuti usamuuze mwini, akanidwe pomwepo. Ndipo munthu aonetsedwe zonse zimene mtumiki wace aonetsedwa, ndi kuuzidwa tsiku limene zisintha. Akuru athu ambiri anadinda cala pa mapepala amene sanawawerenge, nalira pambuyo pace. Ife odziwa kuwerenga tidzakhala ndi mau otani tikacita comweco?

Ndidziwa kuti alipo otsutsa, ndipo ndiwayankhe. Woyamba ati, makinawa akula nzeru mwezi ndi mwezi, ndipo posacedwa adzazindikira okha cimene wolemba anafuna kunena. Ndibvomera kuti akula, ndi kuti liu lolembedwa mokhota siliwakhumudwitsa monga kale. Koma nzeru sizibala cimene sicinanenedwe. Tumani mwana wocenjera koposa kwa a Phiri, m'mudzi wa a Phiri asanu ndi awiri. Adzangolota, ndipo kucenjera kwace kudzacititsa kulotako kumveka ngati zoona. Mtumiki wopusa akalakwa mumgwira msanga. Wocenjera alakwa mwaulemu, nakupatsani zifukwa. Pokula nzeru, makinawa apatsidwanso nchito zazikuru, ndipo colakwa cimodzi cikula pamodzi nazo.

Waciwiri ati, mayeso otere adya nthawi ndi ndalama. Inde adya. Koma mtengowo ulipiridwa ndithu, mmisiri afune asafune. Cisiyana ndi wolipira yekha. Mmisiri akakana kulipira ndi masiku ocepa a kuyesa, adzalipira mlimi amene mbeu zace zapsa, kapena mai amene ndalama zace zapita kwa mwini dzina wina. Wacitatu ati, makina alembe okha mau a zipangizo zao. Nkotheka, ndipo athandizadi, makamaka akapatsidwa mbiri ya zolakwa kuti aone pamene mau anaperewera. Koma wolemba akhale munthu, akhale makina, khasu lipitebe kumunda. Ndipo pakhale munthu wa dzina amene adzaimirira pa bwalo zikaipa.

Wina mwa inu ati, nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji? Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. M'caka ca 2024 bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa m'dziko muno makina ochedwa Ulangizi, oyankha mafunso a ulimi m'Cicewa pa WhatsApp. Ndalama zathu ziyenda kale pa foni, pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Mtunda wotsala pakati pa makina olangiza ndi makina otumidwa kukalipira ngongole kapena kukagula mbeu suli wautali. Ndipo ife tiri ndi ngozi yoonjezera: mau a zipangizo alembedwa kawirikawiri m'Cingerezi, ndi anthu osadziwa ndowa, pamene wotuma alankhula Cicewa. Iye akati mkuja, akati dzana, akati dzuwa likapendeka, mtumiki ayenera kuoloka mitsinje iwiri, kucokera ku Cicewa kunka ku Cingerezi, ndi kucokera ku Cingerezi kunka ku mipata ya cipangizo. Mayeso ocitidwa m'Cingerezi cokha sanena kanthu za mlatho woyambawo.

Cifukwa cace ndipempha ziwiri. Kwa anyamata ndi asungwana athu ophunzira za makompyuta ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mzuzu ndinena: musayese kulemba mau nchito ya madzulo. Lembani monga mulembera mlendo wanzeru amene sadzakuonani konse; chulani muyeso, chulani malire, chulani cimene cipangizo sicicita, ndipo muyese ndi pakamwa pa agogo anu. Kwa akuru a magulu a alimi, a mabanki a m'mudzi ndi a makomiti a sukulu ndinena: akadza munthu ndi makina otere, mumlandire mwaulemu, mumpatse mpando, nimumfunse: mau amene mtumiki wanu awerenga, tingawaone kodi? Munawayesa pa nchito zingati, ndipo analakwa kangati? Munayesa m'Cicewa kodi? Ndi ziti zimene angacite osatifunsa, makamaka za ndalama? Akalakwa, tidzanka kwa yani? Wogulitsa woona adzakondwa ndi mafunso awa, pakuti mayankho ali nao. Koma amene apsa mtima, kapena ayamba kutamanda nzeru za makina ace m'malo mwa kuyankha, mumsenzetse katundu wace, nimumperekeze kufikira pa mphambano.